PA BENCHI: Mwana wa papepala amene adadanitsa amayi ake awiri

Sabata ino andale tiwapumitse kaye, azitukwanizana okha kumisonkhano kwawoko. Ife tikwere ndege ya pakamwa tipite ku Japan. Inde, konkuja kumene kumachokera maminibasi amene amatipanikiza anayianayi pampando m'mawa uliwonse.

Musati ndatopa nazo za kwathu kuno. Chandipititsa kutali ndi mkangano umene ndidaupeza Lachiwiri lapitali kumzere wa atelala. Amayi awiri amene akhala akudyera mbale imodzi zaka zambirimbiri adatsala pang'ono kung'ambirana zitenje. Wina ndiye amaganiza masitayelo a madiresi ndi kukopa makasitomala, winayo ndiye mwini manja, wopalasa makina. Tsono wa makina uja akuti wayamba kusoka masitayelo omwewo kunyumba usiku n'kumagulitsa payekha. Mnzake atamva, moto buu! Uyu akuti nzeru n'zanga, uyo akuti thukuta n'langa. Anthu adaunjikana, aliyense ndi chigamulo chake, koma mpaka ine ndimachoka padalibe wogonja.

Ndili m'minibasi ndidakumbukira kuti mlandu wonga womwewu udazengedwapo ku Japan, mpaka udakafika kukhothi lalikulu koposa onse m'dzikomo. Kumeneko sankalimbirana diresi ayi, ankalimbirana mwana. Mwana wake wopanda magazi, wa papepala, dzina lake Candy. Khalani pansi. Kasitomala akabwera mugulitseni, mukatha mubwerere pomwe mwalekezera.

Tiyambe ndi geni yakeyo. Ku Japan kuli nthano zojambula zimene eni ake amazitcha manga. Ife tidazolowera katuni ya m'nyuzi, timabokosi titatu kapena tinayi, waseka, basi yatha. Kwa anzathuwa si choncho. Nthano imodzi imatha kuyenda zaka, mwezi ndi mwezi kapena sabata ndi sabata, m'mamagazini onenepa ngati njerwa, osindikizidwa papepala lotchipa. Kawerengedwe kake n'koyambira kumene ife timati kumapeto, kuchokera kumanja kulowera kumanzere. Ndipo msika wake adaugawa bwinobwino monga tidagawira wathu uno, uku nsomba, uku kaunjika, uku hadiweya. Alipo manga a anyamata, a abambo, a amayi, ndiye palinso a atsikana, amene amatchedwa shojo manga.

Poyamba, m'zaka za m'ma 1950, ambiri ojambula nthano za atsikana adali amuna. Ngakhale Osamu Tezuka, amene a ku Japan amamutenga ngati gogo wa manga, adajambulako ya atsikana yotchedwa Princess Knight mu 1953. Koma pofika m'ma 1970, atsikana amene adakula akuwerenga mabukuwa adati basi, cholemberacho tipatseni, za mumtima mwa mtsikana tikuzidziwa ndife. Kudabuka amayi monga Riyoko Ikeda, Moto Hagio ndi Keiko Takemiya, obadwa pakati pa 1947 ndi 1950, amene adasintha kajambulidwe ndi nkhani zomwe. Ikeda mu 1972 adayamba The Rose of Versailles, nthano ya nthawi imene anthu wamba a ku France adagwetsa mfumu yawo. Atsikana a sukulu n'kumawerenga za kuukira boma, taganizani.

Ndipo musaganize kuti banyira tidayamba ndife. Mamagazini a atsikana monga Ribon ndi Nakayoshi amabwera ndi timphatso tomatiridwa mkati: tizikwama ta pepala, timabuku tolembamo, tizithunzi tomata. Mwana akaona ka banyirako, mayi ake alibe mtendere mpaka atamasula mfundo ya pachitenje. Nakayoshi, ya kampani ya Kodansha, idayamba kutuluka mu 1954, ndipo mu 1993, nthawi ya nthano ya Sailor Moon, inkasindikizidwa makope pafupifupi 2 miliyoni pamwezi. Inu amene mumagulitsa tomato milu khumi patsiku n'kumati lero kwayenda, tawerengerani nokha.

Tsono mwini nkhani yathu ndi mayi Yumiko Igarashi. Adabadwa pa 26 Ogasiti 1950 mumzinda wa Asahikawa, pachilumba cha Hokkaido, kumpoto kwenikweni kwa Japan. Kumeneko kuzizira kwake si kwa masewera. Mu 1902 mzinda umenewu udazizira mpaka madigiri 41 kunsi kwa ziro, ndiye inu a ku Dedza musamatiopseze ndi Juni wanu. Igarashi adalowa m'ntchito yojambula mu 1968, asanafike n'komwe zaka 20, pamene nthano yake yoyamba idatuluka m'magazini ya Ribon. Kenaka adayamba kujambulira Nakayoshi.

Ntchito imeneyi, abale, ukaiona patali imaoneka ngati yachibwana. Koma ndi masamba makumi angapo mwezi uliwonse, tsamba lililonse panthawiyo ndi cholembera choviika mu inki, nkhope ndi nkhope, tsitsi limodzilimodzi, mpaka timaluwa ta padiresi. Makina osindikizira sadikira kuti wojambula wadwala mutu. Ambiri amalemba othandizira kujambula nyumba, mitengo ndi mitambo, koma nkhope za eni nthano zimatuluka m'manja mwa mwini wake. Ndipo m'manga a atsikana nkhope ndiye katundu. Maso aakuluakulu aja, onyezimira ngati muli nyenyezi, amene mumawaona pamalaya a ana mukatsekula belo, sadawakulitse mwangozi. M'masomo ndimo amaikamo chisoni, mantha ndi chikondi, kuti wowerenga amve za mumtima popanda kulongosola zambiri.

Mayi wachiwiri ndi Keiko Nagita, wobadwa mu 1949 ku Tokyo, mlembi wa nthano ndi ndakatulo, amene panthawiyo ankalemba pa dzina loti Kyoko Mizuki. Mu 1975 a Nakayoshi adawamanga pagoli limodzi awiriwa. Mizuki azilemba nthano m'mawu, gawo ndi gawo, Igarashi aziisandutsa zithunzi. Wina mutu, wina manja. Mwamva kufanana kwake ndi atelala athu aja? Mwana amene adabadwa pamenepo ndiye Candy Candy, nthano imene idayenda m'magaziniyi kuchokera mu 1975 mpaka 1979, ndipo itasonkhanitsidwa idadzaza mabuku 9.

Ndikufotokozereniko nthanoyo, chifukwa simungamvetse mkangano musanamuone mwana wolimbiranidwayo.

Chodabwitsa choyamba n'chakuti ngakhale adaipanga ndi amayi a ku Japan, nkhani yake imachitikira ku America ndi ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Candy ndi khanda lotayidwa, lotoledwa panyumba ya ana amasiye yotchedwa Pony's Home, kufupi ndi nyanja ya Michigan. Akumulera ndi mayi wina wachikulire, Pony, pamodzi ndi sisitere. Kamtsikana kake n'kovuta, kokwera m'mitengo, koponya chingwe ngati woweta ng'ombe, ka tsitsi lopotanapotana lomangidwa pawiri ndi maliboni, ndi timadonthomadontho pamphuno. Mnzake wapamtima, Annie, akutengedwa ndi banja lolemera, ndipo pakupita kwa nthawi akumulembera Candy kuti makalata alekeke, anthu angadziwe kuti adachokera kwa amasiye. Candy akuthamangira kuphiri kukalira. Kumeneko akukumana ndi mnyamata wovala siketi ija amavala amuna a ku Scotland, akuimba chitoliro cha thumba. Mnyamatayo akumuseketsa, kenaka zii, wasowa, wangogwetsa kabaji. Kabaji kameneko Candy akukasunga moyo wake wonse.

Atasinkhukirapo, akutengedwa ndi banja lolemera la Leagan, ati akakhale mnzake wa mwana wawo Eliza. Apa ndiye nthano ya ku Japan ikufika pakhomo pathu. Ndani mwa ife sadaonepo mwana wamasiye wotengedwa kumudzi, ati tikamuphunzitsa kutauni, n'kukathera kutsuka mbale ndi kuchapa matewera? Candy akusandutsidwa wantchito, akugonekedwa kukhola la akavalo, Eliza ndi mlongo wake Neil akumusemera chinyau kuti waba, mpaka akulamulidwa kuti akagwire ntchito kumunda ku Mexico. Akupulumuka chifukwa mkulu wa fuko la Ardlay, munthu amene palibe adamuonapo nkhope, wongodziwika kuti agogo William, walamula kuti Candy akhale mwana wa m'banjamo.

Mukuti ndiye wafika? Ayi ndithu. Mnyamata woyamba kumukonda, Anthony, wodzala maluwa, akugwa pakavalo tsiku losaka nkhandwe n'kufera pomwepo. Candy akutumizidwa kusukulu ya masisitere ku London, kumene akukondana ndi Terry, mwana wopulupudza wa mfumu ina ya Chingerezi. Terry akupita ku New York kukachita zisudzo. Tsiku lina akukonzekera sewero, chinyali chachikulu chikuthothoka kudenga, mtsikana wina wa zisudzo, Susanna, akumukankha Terry kuti amupulumutse, chinyalicho chikugwera iye mpaka mwendo kudulidwa. Candy ataona mmene zinthu zilili, akumusiya mwamuna amene akumukonda kuti asamale wolumalayo, iye n'kukwera sitima usiku kubwerera ku Chicago. Amayi a kumzere wa nsomba, mukadakhala inu mukadatero?

Koma chimene ine chimandigwira mtima si zachikondizo. N'chakuti mtsikanayu, ali ndi dzina la banja lolemera m'manja, akusankha kukaphunzira unamwino kuti azidya thukuta lake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikubuka, mnzake wina, Stear, akukafera kunkhondoko akuyendetsa ndege. Kuchipatala Candy akusamala bambo wina woyendayenda wotchedwa Albert, amene mutu udasokonekera n'kuiwala zonse. Kumapeto zikuululika kuti Albert yemweyo ndiye agogo William, ndiyenso mnyamata wa chitoliro wa paphiri uja. Amene wawerenga mpaka apa osagwetsa msozi, mtima wake ndi wa mwala wa pamtsinje.

Ndiye katunduyu adayenda malonda. Kampani ya Toei Animation idasandutsa nthanoyi katuni ya pa wailesi ya kanema, magawo 115, kuyambira Okutobala 1976 mpaka Febuluwale 1979. Mu 1977 Candy Candy adalandira mphotho ya Kodansha ya manga a atsikana, chaka choyamba cha mphothoyo, pamodzi ndi nthano ina ya mayi Waki Yamato. Kudabwera zidole, zikwama, nsapato, makope a kusukulu, chilichonse chokhala ndi nkhope ya timadontho ija chinkachoka pashelefu. Mu 1978 Candy adayamba kuonetsedwa ku France, mu 1980 ku Italy, kenaka ku Mexico, Peru ndi maiko ena a ku Latin America. Ku Italy anthu adaipidwa nako kulekana kwa Candy ndi Terry, mpaka a kanema kumeneko adalumikiza zidutswa n'kupanga mathero awoawo oti awiriwo akumananso. Kasitomala ndi mfumu, paja timatero.

Igarashi sadaime pa Candy. Adajambula Mayme Angel, kenaka kuchokera 1982 mpaka 1984 adajambula Georgie!, nthano yolembedwa ndi Mann Izawa, ya mtsikana wa ku Australia amene akupita ku London kukafunafuna kumene adachokera. Nayonso idasanduka katuni ya pakanema, magawo 45. Mu 1986 adayamba The Sword of Paros, yolembedwa ndi mayi Kaoru Kurimoto, ya mwana wamkazi wa mfumu amene amavala ndi kumenya nkhondo ngati mwamuna. Mwaona chimene chikubwerezabwereza? Ntchito zake zimene zidatchuka kwambiri n'zimene adagwira ndi mlembi pambali pake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Manja ake adali a golide, koma ankawala bwino akakhala pa nthano ya mnzake.

Tsono tafika pamene padatsina khasu. Kwa zaka makumi awiri, amene ankayang'anira za ziphaso za Candy, uyu apange zidole, uyu asindikize buku, adali a Kodansha. Mu 1995 amayi awiriwa adachotsa udindowu m'manja mwa kampaniyo. Sipadapite nthawi, Mizuki adazindikira kuti pamsika pakutuluka katundu wa Candy amene iye sadafunsidwe, wovomerezedwa ndi Igarashi yekha. Mu 1997 nkhani idalowa m'khothi. Pakati pa mlanduwo padali zithunzi za Candy zoti zisindikizidwe n'kumagulitsidwa, zina zazikulu zopachika pakhoma, zina timakadi totumiza papositi.

Tamverani mbali zonse, chifukwa mlandu sagamula ndi khutu limodzi. Igarashi ankati nkhope ya Candy idatuluka m'cholembera changa. Maso, tsitsi, madontho a pamphuno, zonsezo ndidajambula ndine. Ndikajambula chithunzi chatsopano cha Candy atangoima, chosakhudza gawo lililonse la nthano, mnzangayu chikumukhudza n'chiyani? Mizuki ankati ayi, mtsikana ameneyo ndi Candy chifukwa cha nthano imene ndidalemba ine. Anthu sakugula chithunzi cha mtsikana wamba wa maliboni. Akugula mwana wamasiye uja adagona kukhola, amene adasiya Terry usiku uja ku New York. Chotsanipo nthanoyo muone ngati wina atulutse ndalama yake.

Khothi la ku Tokyo lidagamula mu Febuluwale 1999 mokomera Mizuki. Igarashi adachita apilo, koma mu Malichi 2000 khothi lapamwamba la Tokyo lidagwirizana ndi chigamulo choyamba. Adapitirira mpaka kukhothi lalikulu la dziko lonse, ndipo pa 25 Okutobala 2001 nalonso lidati chimodzimodzi. Mfundo yake idali yakuti manga a Candy Candy adamangidwa pamwamba pa zolemba za Mizuki, ndiye malinga ndi gawo 28 la lamulo la ku Japan loteteza eni luso, mwini nthano yoyambirira ali ndi mphamvu pa ntchito yotuluka m'nthanoyo mofanana ndi amene adaipanga. Kunena mwachidule, Igarashi sangajambule Candy n'kugulitsa popanda Mizuki kuvomera.

Koma musathamangire kuimba nthungululu kuti Mizuki adawina. Chigamulocho sichidalande zithunzi m'manja mwa Igarashi. Zithunzizo n'zakebe, ndipo Mizuki naye sangazigwiritse ntchito mnzakeyo atakana. Loko mmodzi, makiyi awiri, ndipo chitseko sichitseguka pokhapokha onse atembenuze pamodzi. Nanga anthu amene atha zaka zinayi akulozana zala m'khothi angakhalenso pamphasa imodzi? Zotsatira zake, kwa zaka zoposa makumi awiri chigamulireni, mabuku a Candy Candy sadasindikizidwenso ku Japan, ndipo katuni ija idasowa pakanema wa m'dzikomo. Shopu yodzaza ndi katundu, makasitomala ali pamzere, eni ake atseka chitseko aliyense wakhala kwake.

Mu 2010 Mizuki, pogwiritsa ntchito dzina lake lenileni la Keiko Nagita, adatulutsa buku la nthano ya Candy m'mavoliyumu awiri, lotchedwa Candy Candy Final Story, ndipo lidamasuliridwa m'Chitaliyana, Chifalansa ndi Chisipanishi. Koma ndi mawu okhaokha, mulibe nkhope ija anthu adaikonda. Uku mayi wina ali ndi mwana wopanda nkhope, uko mayi wina ali ndi nkhope yopanda mwana.

Nanga adapindula ndani? Funso limenelo inu a pamsika mukulidziwa yankho lake kuposa maloya. Katundu weniweni akasowa koma anthu akumufunabe, amadzaza malowo ndi a feki. Makope oba a katuni ya Candy adayenda m'maiko ambiri, ndipo pa amenewo palibe tambala imene idalowa m'thumba la Igarashi kapena la Mizuki. Agalu awiri akamalimbirana fupa, khwangwala ndiye amakhuta. Ovutika ndi amayi amene adakula ndi Candy m'ma 1970, ofuna kugulira ana ndi zidzukulu zawo buku limene lidawaliritsa ali atsikana, n'kupeza kuti latsala m'mashopu a mabuku akale basi.

Tsono mundifunsa kuti iwe wa Pa Benchi uli mbali iti? Ndinena, sindiopa. Pa mfundo ya lamulo, ena mwa akatswiri a malamulo ku Japan komweko adadandaula kuti khothi lidapita patali, chifukwa kumuuza munthu kuti nkhope imene idatuluka m'manja mwako sungaijambulenso mwaufulu n'chinthu chowawa. Ine ndikumumvera chisoni Igarashi pamenepo. Amene adasokapo diresi usiku wonse ndi nyali ya koloboyi akudziwa kuti nzeru zopanda manja sizivalika. Aliyense angathe kunena kuti mtsikana wa madontho pamphuno, koma kumujambula mpaka dziko lonse limukonde, ameneyo ndi mmodzi.

Koma pa mfundo ya chikhalidwe cha geni, apo ndiye ndili ndi Mizuki. Chinthu chimene mudayamba awiri sugulitsa wekha kumbali. Ngakhale utakhulupirira ndi mtima wonse kuti gawo ili ndi lako, pita kaye ukamuuze mnzako. Akakana, kanganani masana, anthu akuona, katundu asanatuluke. Mnzako akamva kwa anthu kuti katundu wanu ali pamsika iye osadziwa, nkhani siikhalanso ya ndalama. Imasanduka ya kunyozedwa, ndipo munthu wonyozedwa amalolera kuti shopu ipse bola mnzakeyo asadyepo. Ndalama imabwezedwa, koma madzi akatayika saoleka.

Lamulo la ku Japan si la pamsika pathu pano, ndipo diresi si buku. Kwathu kuno za eni nyimbo, mabuku ndi zojambula zili ndi lamulo lake, limene lidakonzedwanso mu 2016, ndi bungwe la COSOMA limene lidakhazikitsidwa mu 1992. Koma nzeru ya m'nkhaniyi siifuna loya. Ambiri a ife geni timachita awiriawiri. Wina waika mpamba, wina akhala pabenchi. Wina amakaoda kunyanja, wina amagulitsa. Wina ali ndi firiji, wina ali ndi makasitomala. Zinthu zikamavuta sitikangana, chifukwa palibe cholimbirana. Mkangano umabwera tsiku limene geni yagwira. Candy akadakhala kuti sadayende malonda, bwenzi amayi awiriwa akumwera limodzi tiyi mpaka lero.

Ndiye ndikupemphani zinthu zitatu, zaulere, ndi banyira wa sabata ino. Choyamba, gwirizanani lero, geni idakali yaing'ono, kuti dzina la shopu n'la yani, makasitomala ndi a yani, ndipo wina akafuna kuchoka atenga chiyani. Lembani m'kope, pakhale mboni, wapampando wa mzere wanu alipo. Chachiwiri, musapeputse munthu wachitatu wosunga buku. Onani kuti kwa zaka makumi awiri pamene kampani inkagwira ziphaso, amayi aja sadapite kukhothi. Atangotsala awiriwiri, zaka ziwiri zokha zidakwana. Chachitatu, musanapite kokasuma, werengerani kaye kuti mukawina mutsala ndi chiyani. Kuwina mlandu n'kutsala ndi shopu yotseka, kumeneko ndi kuwina kwa mtundu wanji?

Yumiko Igarashi adzakumbukiridwa ngati mmodzi mwa amayi amene adapatsa manga a atsikana nkhope yake, ndipo palibe khothi limene lingamulande zimenezo. Koma mbiri yake ikamanenedwa, mlandu uja umatsatira pambuyo ngati chithunzithunzi. Zaka zinayi zojambula Candy, zaka zinayi zolimbirana Candy. Ndipo mwana amene adatoledwa pakhomo la amasiye m'nthano, amayi ake enieni adamusandutsanso wamasiye kachiwiri.

Lachiwiri likubwerali ndidutsanso kumzere wa atelala. Ndikakawapeza amayi awiri aja atakhalanso pamakina amodzi, fanta ndigula ndine. Ndikakapeza benchi lagawidwa pakati, ndingowasiyira nyuzi ino, aliyense awerenge payekha. Inu amene mukhala nawo pafupi, wakutsina khutu ndi mnansi, kawauzeni za Candy.

Gulitsani bwino, chenji muzibweza chokwanira. Tionana sabata yamawa pa benchi pomwe pano.